DocSend pogulitsa bizinesi: zomwe imachita bwino ndi zomwe singakuchitireni

DocSend ndi chida cha pa intaneti chotumizira zikalata kudzera pa linki m'malo mozimata pa imelo. Inayamba ku San Francisco mu 2013, ndipo kampani ya Dropbox inaigula mu 2021 pa mtengo wa madola 165 miliyoni. Omwe anaitchukitsa ndi eni makampani atsopano aukadaulo omwe ankatumiza mapulani awo kwa anthu oika ndalama, koma lero imagwiranso ntchito ngati data room, malo otsekedwa a pa intaneti momwe wogula bizinesi ndi maloya ake amawerengera mapepala anu onse asanalipire. Funso lathu ndi ili: mwini bizinesi ya pakatikati, kaya sukulu yapulaiveti, loji, kampani ya mathiraki kapena fakitale yaing'ono yoyenga mafuta ophikira, ailipire akafuna kugulitsa kapena kulowetsa mnzake wa masheya? Yankho lathu ndi lakuti inde, koma kwa miyezi yokambirana yokha, ndipo pokhapokha mapepala atakonzeka kale. Ambiri amayamba kulipira chida asanakonze mapepala, ndipo ndalama zakunja zimangopita pachabe.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Mumakweza chikalata cha PDF, PowerPoint kapena Word, kenako mumapanga linki. Linki iliyonse mumaiikira malamulo ake: wotsegula alembe imelo yake kaye, imeloyo itsimikizidwe, pakhale pasiwedi, linki ithe ntchito tsiku lakuti, kudawunilodi kuloledwe kapena kuletsedwe. Linki mukhoza kuizimitsa nthawi iliyonse, ndipo mukapeza cholakwika m'chikalata n'kukweza chatsopano, linki yomwe munatumiza kale imaonetsa chatsopanocho. Zikalata zikachuluka mumaziika pamodzi m'chomwe iwo amati Space, m'mafoda. Mapulani olipirira DocSend okwera mtengo ndi omwe ali ndi zinthu ziwiri zofunika kwambiri pogulitsa bizinesi: chidindo chomwe chimalemba imelo ya wowerenga pa tsamba lililonse, ndi mgwirizano wosunga chinsinsi, NDA, womwe munthu ayenera kuvomera asanaone chilichonse. Pulani yotsika mtengo ndi yokwanira potumiza chikalata chimodzi chokopa anthu, koma pa ntchito yogulitsa bizinesi siikwanira.

Chomwe mumalipirira kwenikweni

Mphamvu yeniyeni ya DocSend ili pa kukuuzani yemwe watsegula, nthawi yomwe watsegula, ndi kutalika kwa nthawi yomwe wakhala pa tsamba lililonse. Pokambirana za mtengo, chidziwitso chimenechi n'chamtengo wapatali. Wogula amatha kukuuzani pa foni kuti ali ndi chidwi chachikulu pomwe chikalata chanu anachitsegula kamodzi, n'kulekeza pa tsamba lachitatu. Wina amayankhula mozizira, kumanena kuti bizinesi yanu ili ndi mavuto ambiri, koma mukaona, wabwerera kasanu pa tsamba la phindu ndipo wapereka linki kwa akauntanti wake ndi loya wake. Wachiwiriyu ndiye wogula weniweni, ndipo kuzizirako ndi njira yotsitsira mtengo basi. Munthu salipira loya kuti awerenge mapepala a bizinesi yomwe sakuifuna.

Kuti zimenezi zigwire ntchito, wogula aliyense akhale ndi linki yakeyake yolembedwa dzina lake. Mukatumiza linki imodzi kwa anthu asanu, mukaizimitsa mumazimitsira onse, ndipo simungadziwe bwino yemwe wapereka kwa wina. Yatsaninso kutsimikizira imelo. Mukangofunsa imelo osaitsimikizira, munthu akhoza kulemba imelo yabodza n'kulowa.

Gwiritsani ntchito zomwe mwaonazo pokonzekera msonkhano. Ngati wogula wakhalitsa pa tsamba la ngongole zomwe makasitomala sanakulipireni, funso lake loyamba lichokera pamenepo, choncho pitani ndi mndandanda wa ngongolezo wogawidwa m'magulu: za masiku 30, za 60, za 90 ndi zopitirira apo, komanso umboni wa zomwe zalipidwa chilembereni chikalatacho. Koma musamuuze kuti munamuona akuwerenga tsamba lakuti kwa mphindi khumi. Anthu sakonda kumva kuti akulondedwa, ndipo akadziwa amayamba kupempha kuti muwatumizire zonse pa imelo. Musaiwalenso kuti chida chimawerengera nthawi yomwe tsamba linali lotsegula, osati nthawi yomwe maso anali pa tsambalo. Netiweki ikamavuta kapena munthu akaitanidwa pa foni, mphindi zimangochuluka. Chizindikiro chodalirika ndi kubwerezabwereza komanso kubwera kwa anthu atsopano a mbali yake.

Kutsegula pang'onopang'ono

Apa ndi pomwe chida chimakwanira bwino ndi momwe malonda otere amayendera. Simupereka zonse tsiku loyamba. Choyamba ndi chikalata cha tsamba limodzi kapena awiri chopanda dzina la bizinesi: mtundu wa malonda, chigawo chomwe ili, ndalama zomwe imalowetsa pachaka mongoyerekeza, ndi chomwe mukufuna, kugulitsa yonse kapena gawo la masheya. Wochita chidwi asaine NDA. Akasaina, mumamupatsa chikalata chachikulu cha masamba 20 mpaka 30 chofotokoza mbiri, katundu, antchito, maakaunti a zaka zitatu ndi chiyembekezo cha mtsogolo. Pamenepo iye apereke mtengo woyerekeza molemba. Mukagwirizana mfundo zikuluzikulu ndi kusainirana, ndiye mumatsegula data room yonse kuti afufuze.

Ngakhale pamenepo pali zinthu zitatu zosunga mpaka kumapeto: maina a makasitomala akuluakulu, mitengo yomwe mumagulira katundu kwa ogulitsa anu, ndi malipiro a munthu aliyense payekha. Nthawi zambiri wofuna kugula bizinesi yanu amakhala yemwe mukupikisana naye kale pa msika. Malonda akalephereka, iye amachoka akudziwa yemwe amakupatsani ndalama zambiri ndi yemwe angamunyengerere pakati pa antchito anu. M'gawo loyamba lembani kuti Kasitomala A, Kasitomala B, ndi gawo la malonda lomwe aliyense amabweretsa. Mu DocSend mafoda oterewa mukhoza kuwabisa kwa wogula wina n'kuwaonetsa kwa wina, ndipo izi zimatheka mosavuta kusiyana ndi kukumbukira zomwe munatumizira yani pa WhatsApp.

Pa NDA yongodina batani tili ndi chenjezo. Ndi yabwino potumiza chikalata kwa anthu ambiri poyamba, koma wogula yemwe walowa mkati mwenimweni asaine NDA yolembedwa ndi loya wanu, yotchula dzina la kampani yake, yoletsa kutenga antchito anu kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndi yonena malamulo a dziko lomwe adzagwiritsidwe ntchito pakabuka mkangano.

Zomwe chida sichingakukonzereni

Data room yokongola yokhala ndi mapepala osakwanira imangofulumizitsa wogula kupeza zofooka zanu. Ntchito yaikulu imayamba miyezi 12 mpaka 24 musanatsegule akaunti. Kwa kampani yolembetsedwa ku Malawi, mafoda omwe loya wa wogula adzayembekezera ndi awa. La kampani: satifiketi yolembetsera, malamulo a kampani, kaundula wa eni masheya, malipoti a pachaka omwe lamulo la makampani la 2013 limafuna, ndi maminitsi a misonkhano ya madayirekitala. La ndalama: maakaunti a zaka zitatu ofufuzidwa ndi oditala wovomerezeka, maakaunti a mwezi ndi mwezi a chaka chino, masitetimenti a ku banki, ndi mndandanda wa katundu. La msonkho: nambala ya wokhoma msonkho ya TPIN, chikalata cha MRA chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, ndi umboni wa PAYE, VAT ndi withholding tax. La antchito: makontirakiti, umboni wa penshoni yomwe bwana amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, levi ya TEVET ya 1 peresenti, ndi kuwerengera kwa ndalama za severance, zomwe wantchito amalipidwa akachotsedwa ntchito, ndi masiku atchuthi omwe sanatengedwe. Kenako la malo ndi lizi, la ngongole ndi zikole, la malaisensi, la inshuwaransi, ndi la milandu ya kukhoti.

Mavuto omwe amagwetsa mtengo amabwerezabwereza m'mabizinesi ambiri. Loyamba ndi malonda olowera pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya mwini bizinesi, osafika ku akaunti ya kampani. Mwini amati bizinesi imapanga zambiri kuposa zomwe zili m'mabuku, koma wogula salipira phindu lomwe sangalione pa sitetimenti, ndipo kungonena mawu amenewo kukumuuza kuti pali msonkho womwe sunalipidwe. Lachiwiri ndi malo kapena magalimoto omwe ali m'dzina la mwini, la mkazi wake kapena la malemu bambo ake, pomwe maakaunti akuwaonetsa ngati katundu wa kampani. Kusintha umwini wa malo kumatenga nthawi yaitali, ndipo ngati pali nkhani ya chuma chamasiye, malonda amaima mpaka abale atagwirizana. Lachitatu ndi ndalama za penshoni zomwe zinadulidwa pa malipiro koma sizinatumizidwe. Lachinayi ndi mgwirizano wapakamwa ndi kasitomala yemwe amabweretsa theka la malonda onse. Wogula amafunsa kuti mwini akachoka, kasitomalayo atsala? Popanda kontirakiti yolembedwa, palibe yankho lomwe lingamukhutiritse.

Palinso ndalama za pakhomo zomwe zimadutsira mu bizinesi: fizi ya ana, mafuta a galimoto ya banja, thandizo la pamaliro, malipiro a mbale yemwe sabwera kuntchito. Izi zimachepetsa phindu la m'mabuku, ndipo muli ndi ufulu wozibwezera pa phindu powerengera mtengo, malinga chilichonse chili ndi lisiti. Kufunika kwake kumaoneka mukawerengera. Tiyerekeze kuti mwagwirizana kuti mtengo ukhala phindu la pachaka kuchulukitsa kanayi, phindu lowerengedwa musanachotse chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha mphamvu kwa katundu. Mabuku akuonetsa K100 miliyoni, inu mukuti K20 miliyoni ina inali ya pakhomo. Mukatsimikizira, mtengo ndi K480 miliyoni. Mukalephera, ndi K400 miliyoni. Malisiti a K20 miliyoni asanduka K80 miliyoni. Koma wogula wochenjera nayenso adzachotsa: ngati simumadzilipira malipiro, adzaikapo malipiro a manejala yemwe adzafunika kulembedwa m'malo mwanu, ndipo ngati bizinesi imakhala m'nyumba yanu osalipira lendi, adzaikapo lendi ya pa msika. Konzani chikalata chimodzi cha zowonjezera ndi zochotsera izi, chikhale m'foda ya ndalama pamodzi ndi maumboni ake.

Kwa woika ndalama wochokera kunja pali nkhani ya kwacha. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Maakaunti a zaka zimenezo akhoza kuonetsa malonda akukwera m'makwacha pomwe m'madola akutsika. Musadikire kuti iye azindikire yekha. Onetsani kuchuluka kwa katundu wogulitsidwa, matumba, malita, ana olembetsa kapena zipinda zogonedwa, pambali pa ndalama, kuti kukula kwenikweni kuoneke. Gwirizananinso msanga kuti mtengo uli m'ndalama yanji ndiponso kuti ndalama ikasintha mphamvu pakati pa tsiku losaina ndi tsiku lolipira, ataye ndani. Iye adzafunanso kuti ndalama zomwe akulowetsa zilembetsedwe ku Reserve Bank kudzera ku banki yanu, chifukwa popanda zimenezo kutulutsa phindu lake mtsogolo kumavuta.

Pomwe data room imakutetezani pa mgwirizano

Mfundo iyi eni mabizinesi ambiri saidziwa, koma ndi yomwe imapangitsa kuti chida chotere chikhale choyenera ndalama zake. Mu mgwirizano wogulitsa masheya mudzalonjeza zinthu zambiri: kuti msonkho wonse unalipidwa, kuti palibe mlandu wobisika, kuti katundu ndi wa kampani. Lonjezo likapezeka labodza, wogula amabwera kudzatenga gawo la ndalama zake. Chitetezo chanu ndi kalata youlula, momwe mumalemba chilichonse chosiyana ndi malonjezowo. Loya wanu ayesetse kuti mgwirizano unene kuti zonse zomwe zinali mu data room zatengedwa ngati zoululidwa. Zikatero, chikalata cha mkangano wanu ndi MRA chomwe munaika m'foda ya msonkho chimakutetezani, ndipo mbiri ya otsegula yomwe DocSend imasunga imasonyeza kuti loya wa wogula anachitsegula tsiku lakuti. Choncho vuto lililonse lomwe mukulidziwa liikeni mkatimo. Vuto lomwe mwaulula nokha limakhala nkhani ya mtengo. Lomwe wogula walipeza yekha m'sabata yachisanu limamupangitsa kukayika china chilichonse chomwe munamuuza.

Zina zokambirana chida sichizikhudza, koma ziyenera kutheka musanatsegule mafoda onse. Mfundo zikuluzikulu zomwe mumasainirana poyamba nthawi zambiri sizimanga aliyense, kupatula ziwiri: kusunga chinsinsi, ndi lonjezo lakuti simukambirana ndi wogula wina kwa nthawi yakuti. Lonjezo lachiwirili likakhala lalitali, mphamvu zanu zonse zapita. Masiku 45 mpaka 60 ndi okwanira ngati mapepala ali okonzeka. Musanalipereke, funsani umboni wakuti ndalama alinazo kapena kalata ya banki yomwe ikumukongoza. Mvetsetsaninso kuti mtengo womwe watchulidwa si ndalama yomwe ilowe m'thumba mwanu. Pamachotsedwa ngongole za kampani, pamakhala mkangano wa kuchuluka kwa katundu ndi ndalama zoyendetsera zomwe muyenera kusiya, gawo lina limasungidwa kwa chaka kapena kuposerapo kudikira ngati pabuke vuto, ndipo phindu la kugulitsako lili ndi msonkho wake. Ngati gawo la mtengo lidzalipidwe potengera phindu la zaka zikubwerazi, pemphani kuti liwerengedwe pa ndalama zolowa osati pa phindu, chifukwa mwini watsopano akhoza kuchulukitsa zowonongera mpaka phindu kutha. Kwa amene akugulitsa gawo chabe la masheya, mgwirizano wa eni masheya ndi wofunika kuposa mtengo: mipando ya m'bodi, zinthu zomwe woika ndalama angakane, ndi momwe adzatulukire pakatha zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Malonda akulu amafunanso chilolezo cha CFTC, bungwe la m'dziko muno loona za mpikisano pa malonda, kapena cha bungwe la COMESA loona za mpikisano lomwe likulu lake lili ku Lilongwe ngati makampaniwo akugwira ntchito m'maiko angapo, ndipo nthawi imeneyo iwerengeredwe.

Zofooka zake

Choyamba ndi Excel. Akauntanti wa wogula safuna chithunzi cha manambala, amafuna fayilo yeniyeni kuti aone mawerengero ake ndi kusintha zoyerekeza. Mukalola kudawunilodi, fayilo yachoka m'manja mwanu ndipo kuzimitsa linki sikuibweza. Njira yake ndi kupereka PDF poyamba, Excel pambuyo posainirana mfundo zikuluzikulu, mutachotsamo masamba obisika ndi maina. Chachiwiri, palibe chida chomwe chingaletse munthu kujambula sikirini ndi foni. Chidindo cha imelo chimangomuopseza ndi kukupatsani umboni.

Chachitatu ndi malipiro. DocSend imalipiridwa pa khadi m'ndalama zakunja, ndipo ndi kusowa kwa madola komwe kulipo, makhadi a mabanki athu amakhala ndi malire pa zogula za kunja. Khadi likakanidwa pakati pa kafukufuku, mukhoza kutaya zina mwa zomwe pulani yanu inkapereka pa nthawi yomwe wogula ali mkati mowerenga. Kambiranani ndi banki musanayambe, ndipo sankhani kulipira mwezi ndi mwezi ngakhale pachaka pamatsika mtengo, chifukwa malonda akatha simudzachifunanso. Chachinayi ndi netiweki. Zikalata zojambulidwa ndi foni zimakhala zolemera, zokhota ndi zosasakika. Zipititseni pa sikana yeniyeni, zichepetseni kukula, ndipo zikhale zoti munthu akhoza kusaka mawu mkati mwake. Fayilo iliyonse ikhale ndi nambala ndi dzina lomveka, monga 3.2 Tax clearance 2024, kuti pofunsana mafunso muzitchula nambala. Mafunso a wogula ndi mayankho anu azidutsira kwa munthu mmodzi ndipo azilembedwa pa mndandanda umodzi, chifukwa yankho loperekedwa pa foni ndi manejala likhoza kudzasanduka lonjezo.

Chachisanu ndi chinsinsi cha anthu. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, lomwe MACRA ikuliyang'anira, likukhudza mapepala a antchito, ana asukulu kapena odwala omwe mungakweze pa makina a kunja kwa dziko. Fufutani maina, manambala a ziphaso ndi maakaunti a ku banki musanakweze, ndipo kufufutako kukhale kwenikweni, osati kungophimba ndi bokosi lakuda lomwe wina angalisunthe.

Poyerekeza ndi zina, Google Drive imatha kuletsa kudawunilodi ndi kusindikiza, ndipo ngati wogula ndi mmodzi yemwe mumamudziwa, monga mnzanu wa masheya kapena manejala wanu, ndi yokwanira. Chomwe ilibe ndi kuwerengera nthawi pa tsamba lililonse ndi chidindo cha wowerenga. Datasite ndi Intralinks, zomwe ndi zida zina za data room, zinapangidwira malonda a makampani akuluakulu okhala ndi zikalata masauzande ndi magulu ambiri a maloya, ndipo mtengo wake sungakwanire bizinesi ya pakatikati. DocSend ili pakati pa ziwirizi. Imakwanira pomwe muli ndi ogula atatu mpaka khumi, ena a iwo opikisana nanu kapena akunja, ndi zikalata mazana ochepa.

Tsiku losaina lisanafike, tsekani kukweza kwa zikalata zatsopano pa tsiku lomwe mwagwirizana, koperani data room yonse monga ilili pa mafulashi awiri, imodzi ya loya wanu ina ya loya wa wogula, ndipo mndandanda wa zikalatazo umatidwe ku kalata youlula. Sungani mbiri ya omwe anatsegula musanatseke akaunti, chifukwa mkangano wa malonjezo umatha kubuka pakatha chaka kapena ziwiri. Zimitsani malinki a ogula omwe sanapambane, alembereni kalata yowakumbutsa kufufuta zomwe anadawunilodi monga NDA ikunenera, kenako imitsani malipiro a mwezi wotsatira pa khadi lanu.